Mwasiya kubetcha koma moyo sukukoma: momwe mungabwererere ku zomwe munkakonda kale

Munthu akasiya njuga, achibale amapumira m'mwamba n'kumati nkhani yatha. Mwiniwakeyo ndiye amadziwa mmene Loweruka masana limatalikira. Mpira wayamba, anzake ali ku shopu ya beti, iye ali pakhonde kuyang'ana nkhuku. Nsima sikukoma, nthabwala za ana sizikumuseketsa, wailesi ikungosokosera. Ambiri amene amabwereranso ku kandege, njuga ya pa foni yobetcha pa kandege kouluka, patatha mwezi umodzi kapena iwiri sikuti amakhala atayiwala ndalama zomwe analuza. Chimawabweza ndi kunyong'onyeka.

Kunyong'onyekaku si ulesi kapena kusayamika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera vuto la njuga ngati matenda, ndipo m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, linaliika m'gulu limodzi ndi vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ubongo umatulutsa mankhwala ambiri otchedwa dopamine pamene munthu sakudziwa ngati awina kapena aluza, ndipo dopamine ndi amene amautsa chikhumbokhumbo chofuna kuchitanso chinthu. Pa kandege, kudikira koteroko kumabwera masekondi angapo alionse. Pa mpira, tiketi ya magemu khumi ikafa chifukwa cha timu imodzi, mtima umati "ndinatsala pang'ono" n'kufunanso ina. Ubongo umene wazolowera zimenezi umaona china chilichonse ngati ndiwo zopanda mchere. Kukoma kumabwerera ndithu, koma kumatsatira zochita. Amene akudikira kuti ayambe wamva chilakolako ndiye adzuke, akhala pakhondepo mpaka foni itamukoka.

1. Tsekani kaye njira ya ndalama

Gitala, kapena china chilichonse chomwe munkakonda kale, sichingalimbane ndi foni yomwe ili ndi K50,000 mu Airtel Money kapena Mpamba. Fufutani ma app a beti, tulukani m'magulu a WhatsApp ogawana ma odds, ndipo pemphani kampani yomwe munkabetchako kuti itseke akaunti yanu. Makampaniwa amayang'aniridwa ndi bungwe la MAGLA, choncho akamakuzengerezani muli nako kokadandaula. Malipiro akalowa, apite tsiku lomwelo kwa munthu amene mumamukhulupirira, inu mutsale ndi ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro.

2. Pezani maola amene njuga inkadya

Tengani kope mulembe nthawi zomwe munkabetcha: m'minibasi popita kuntchito, pa nkhomaliro, usiku anthu atagona, Loweruka ndi Lamulungu masana, sabata ya malipiro. Simukufunika kudzaza tsiku lonse. Maola amenewa ndi amene akufuna mwini watsopano.

3. Funsani amene anakudziwani kale

Mukadzifunsa nokha kuti "kodi ine ndimakonda chiyani?", yankho likhoza kukhala lakuti palibe. Zaka za njuga zimafufuta zambiri. Afunseni amayi anu, achimwene kapena achemwali anu, mnzanu wa ku pulayimale: ndili mwana, chinkandichedwetsa kubwera kudzadya n'chiyani?

Mayankho ake amadabwitsa. Wina amakumbutsidwa kuti ankapanga magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino, ana a m'mudzi monse n'kumamutsatira. Wina ankaimba besi m'kwaya, wina anali ndi khola la nkhunda, wina sankaphonya pogoletsa ntchemberembaye, wina ankajambula aphunzitsi kumbuyo kwa kope la masamu, wina ankaluka zipewa, wina ankasowa tsiku lonse ali kudambo ndi mbedza. Lembani zonse, ngakhale zooneka zachibwana. Bambo wa zaka 40 sangayendetse galimoto ya mawaya mumsewu, koma manja amene ankaipanga akhoza kukonza njinga kapena kukhoma mpando, ndipo akhoza kuphunzitsa mwana wake kupinda waya.

Pamenepa pamawawa pena. Mupeza kuti gitala ija munaigulitsa, makina osokera munawapinyolitsa osakawaombola. Musathamangire kugula zina. Bwerekani, kapena pitani komwe zilipo kale: kutchalitchi kuli kiyibodi, kwa telala wa pamsika kuli makina, ndipo nyumba zowerengera mabuku za National Library Service zili m'mizinda yathu yonse ikuluikulu.

4. Sefani mndandandawo

Si chilichonse chimene munkakonda chingakuthandizeni panopa. Chinthu chabwino chikhale chopanda kuikapo ndalama, chochedwa kupereka zotsatira, ndipo ngati n'kotheka chokhala ndi anthu amene angafunse mukajomba.

Bawo ndi masewera abwino kwambiri kwa munthu wofuna kuphunziranso kudekha, chifukwa maenje 32 aja amafuna mutu wonse. Koma yang'anani bwalo lake. Pali mabwalo ena pomwe pambali pa bolodi pamakhala ndalama. Chimodzimodzinso pool ya m'malo omwera mowa ndi makhadi. Ngati pomwe mukupitapo wina amati "tiikepo kenakake kuti zikome", sakani bwalo lina kapena sewerani ndi agogo kunyumba.

Mpira ndiye nkhani yovuta kuposa zonse, chifukwa ambiri tinayamba kuukonda tisanadziwe n'komwe kuti odds n'chiyani, kenako njuga inaulanda. Munthu amene wabetcha zaka zingapo saoneranso mpira: amawerenga makona, makhadi achikasu ndi zigoli, mwinanso kukwiya timu yake ikagoletsa chigoli chachitatu chifukwa chaononga tiketi. Komanso mpira wa pa TV wadzaza ndi zotsatsa za njuga. Ngakhale matimu a English Premier League anagwirizana mu 2023 kuti adzachotse makampani a njuga pachifuwa cha mayunifomu, zotsatsazo sanaziletse pamikono ya malaya ndi pazikwangwani za m'mbali mwa bwalo. Mukawonjezapo anzanu a mu video show amene aliyense wagwira tiketi yake, mwadziika nokha pa mayesero.

Maganizo anga ndi akuti mpira wakunja muupumitse, ngakhale sizoni yonse. Ngati mtima ukuufunabe, pitani mukaonere wa pagalaundi ya sukulu kapena wa m'dera mwanu, womwe supezeka pa app iliyonse, foni mutaisiya kunyumba. Kuposa apo, valani nsapato mulowe nawo wa masosho Lamulungu m'mawa, kapena thandizani kuphunzitsa timu ya ana. Ya Bullets ndi Wanderers idzabwera nthawi yake, ndipo tsiku loyambalo mudzapite ndi munthu wodziwa vuto lanu.

5. Yambani musanafune

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Sankhani zinthu ziwiri zokha, chimodzi cha panokha, china cha pagulu. Zipatseni tsiku ndi ola, pa maola oopsa aja: "Lachitatu 5 koloko, kwaya." "Loweruka 2 koloko, kudimba." Nthawi ikakwana nyamukani, kaya mukufuna kaya simukufuna. Alangizi a zamaganizo amagwiritsa ntchito njira yomweyi pothandiza anthu ovutika maganizo, chifukwa anaona kuti chilakolako chimabwera munthu atayamba kale kuchita. Mphindi 20 kapena 30 n'zokwanira poyamba.

Masabata oyambirira zidzakhala zozizira. Zala zidzawawa pa mawaya a gitala, mawu adzasasa, ndipo mudzadzifunsa kuti kodi zimenezi ndi zomwe ndinkazikonda zija? Musaziyeze ndi kugunda kwa mtima kwa pa kandege, chifukwa palibe kwaya imene ingafikepo. Yang'anani zizindikiro zina: ola latha osagwira foni, mwagona tulo mpaka m'mawa, mwapezeka mukuimba nyimbo ija posamba, mwayamba kuganizira za mbewu yoti mufese mwezi wamawa.

N'chifukwa chake ziweto ndi dimba zimathandiza anthu ambiri. Mazira a nkhunda amaswa patatha masiku pafupifupi 18, a nkhuku 21, ndipo palibe batani lofulumizitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako n'kumene njuga inakuberani. Komanso nkhunda zimafuna madzi m'mawa uliwonse, kaya mwadzuka bwino kaya ayi.

6. Musachisandutse bizinesi msanga

Munthu wa ngongole akangoona kuti mpiru wake wachita bwino, mutu umayamba masamu: ndikabzala mabedi makumi awiri, ndikagulitsa, ndibweza katapila yense pofika Disembala. Amenewo ndi maganizo omwe aja ofuna kubweza zoluza nthawi imodzi, angosintha malaya. Zikapanda kuyenda, foni ili pafupi. Ngongole ikhale ndi ndondomeko yakeyake: khalani pansi ndi amene muli nawo ngongole, gwirizanani zobweza pamwezi. Ngati muli mu banki m'khonde, auzeni apampando kuti asakubwerekeni kwa kanthawi. Dimbalo likhale la ndiwo zapakhomo kaye.

7. Akunyumba akamakayika, musakwiye

"Ndikupita ku kwaya" ndi mawu omwe mwina munawagwiritsapo ntchito popita kokabetcha. Akazi anu kapena amuna anu ali ndi chifukwa chokayikira. Nenani komwe mukupita ndi nthawi yobwerera, ndipo bwererani nthawi yomweyo. Tengani mwana mupite naye.

8. Mukaterereka

Zimachitika. Choopsa si tiketi imodziyo koma manyazi amene amakuuzani kuti musapitenso ku kwaya chifukwa ndinu wachinyengo. Muuzeni munthu amene amasunga ndalama zanu tsiku lomwelo, onani kuti mpata unapezeka pa ola liti, ndipo Lachitatu likakwana pitani monga mwa nthawi zonse.

Ngati papita miyezi ingapo koma palibe chimene chikukoma, simukugona, kapena mwalowetsa mowa m'malo mwa njuga, mwina pali matenda a maganizo ofunika chithandizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a zizolowezi zovuta kusiya, ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, ndipo pachipatala cha boma lanu mukhoza kufunsa namwino woona za matendawa. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, kaya chifukwa cha ngongole kaya manyazi, musadikire kuti kuche: uzani munthu amene muli naye pafupi ndipo mupite naye kuchipatala.