Momwe mungafutsire mwamuna aligone mvula isanathe

Mvula ikangokhazikika kuno ku Lusaka, mwamuna aligone amamera yekha m'minda ndi kuseri kwa nyumba, ndipo ambiri amangomulimira kumodzi ndi udzu. Zimandiwawa, chifukwa ndi ndiwo zabwino zosagula. Asayansi amamutcha Galinsoga, ndi wa banja limodzi ndi chisoso ndi mpendadzuwa, ndipo kwawo ndi ku America. Ku Colombia amamuthira mu supu ya nkhuku yotchedwa ajiaco. Mumuzindikira ndi timaluwa take tating'ono, pakati pachikasu, m'mbali tiziduswa toyera pafupifupi 5.

Thyolani nsonga zanthete maluwa asanachuluke. Musathyole m'mphepete mwa ngalande kapena pamene madzi a m'zimbudzi amasefukira. Madzi otere amafalitsa kolera, ndipo ya kumayambiriro kwa 2024 inafika pogoneka odwala ku bwalo la mpira la Heroes Stadium. Mukagula pamsika, vundukulani mulu wonse, pakuti ena amaika zanthete pamwamba, pansi pali mapesi okhaokha.

Tsukani, ponyani m'madzi owira a kamchere pang'ono, angofota basi, tsanulani ndi kukhetsa madzi.

Povuta ndi poyanika. Kwa ine lichero lathunthu linachita chuku mu Febuluwale, dzuwa litangowala m'mawa, masana kugwa mvula, masamba n'kugona m'nyumba ali anyontho. Tsamba limeneli ndi lopyapyala, likawira limamatana n'kupanga zibuma, kunja kouma m'kati muli madzi. Choncho finyani ndi manja, mumwaze pamphasa mopyapyala, mukumasula chibuma chilichonse ndi zala. Ikani mphasayo pathandala, osati pansi pomwe nkhuku ndi fumbi zimafika. Tembenuzani masana, ndipo lowetsani dzuwa lisanalowe kuopa mame. Musaunjike usiku, agone omwazika. Kukachita mitambo masiku otsatizana, ingophikani mudye, kufutsako mudikire kumapeto kwa Malichi kapena Epulo. Amakhala akadalipo, chifukwa mbewu zake zimamera mobwerezabwereza nyengo yonse ya mvula.

Akauma amafumbutuka mukamufikisa m'manja. Sungani m'chigubu chouma chotseka bwino.

Pophika, nyikani kaye m'madzi ofunda, kenako tomato, mchere ndi nsinjiro. Nsinjiro sinjani nokha. Za m'timapepala zakwera mtengo ndipo zina amasakaniza ndi ufa. Soda safunika, amafewa yekha.