Mimba ya mapasa ikakula mothamanga, musadikire tsiku la sikelo

Amayi ndi abambo a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mimba ya mapasa siyonse imene imayenda mofanana. Pali mapasa ochokera m'mazira awiri, aliyense ndi nsengwa yake. Pali ena ochokera m'dzira limodzi, amene timati ofanana, ndipo ambiri mwa iwowa amagawana nsengwa imodzi. Malangizo anga lero ali pa gulu lachiwirili.

Mu nsengwa yogawanayo muli timitsempha tolumikiza magazi a ana awiriwo. Nthawi zambiri magazi amapita ndi kubwerera mofanana. Koma pa mimba 100 zilizonse za nsengwa imodzi, 10 mpaka 15 zimakhala ndi vuto lakuti magazi amapendekera mbali imodzi, ngati madzi a mu sikimu pamene ngalande yakhuthukira m'munda umodzi wina ukuuma. Mwana wotaya magazi amaleka kukodza mokwanira, madzi a m'nsupa yake amaphwa, amakhala wamng'ono ndipo amapanikizika pakona. Wolandirayo amakodza kwambiri, nsupa yake imadzaza mopitirira, ndipo kamtima kake kamatopa ndi kupopa magazi ochuluka. Musaganize kuti wamkuluyo ndiye ali pabwino. Onse awiri ali pangozi, ndipo vutoli likakula popanda chithandizo, kawirikawiri ana onse amatayika.

Si mfiti, si tsempho, si chakudya chimene mayi anadya. Ndi mmene mitsempha inalukanirana mimba ikuyamba, choncho apongozi musaloze chala mtengwa.

Vutoli limaonekera kwambiri pakati pa masabata 16 ndi 26, mwezi wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi. Apa ndiye pandiwawa mtima, chifukwa kwathu kuno ambiri amabisa mimba mpaka itaonekera pa chitenje, n'kuyamba sikelo mochedwa. Komatu sikani imaonetsa bwino ngati nsengwa ndi imodzi kapena ziwiri mimba isanapitirire masabata 14. Yambani sikelo mukangodumpha mwezi. Akakuuzani kuti ndi mapasa, funsani anamwino kuti, "Kodi nsengwa ndi zingati?" ndipo alembe yankho m'buku lanu la kuchipatala. Ikakhala imodzi, madokotala amalangiza kuunikidwa masabata awiri aliwonse kuyambira sabata la 16. Mapasa a mwamuna ndi mkazi sakhudzidwa ndi vutoli.

Mayi mwini amatha kuzindikira. Chitenje chimene sabata latha chimazungulira bwino, lero sichikukumana. Mimba yalimba, khungu likunyezimira, kugona chagada kukukanika, mpweya ukubanika ngakhale mwangokhala pakhonde, msana ukuwawa, mwinanso m'mimba mukumanga ngati matenda ayamba nthawi isanakwane. Musanamizire kutentha kwa ku Ngabu. Nyamukani tsiku lomwelo.

Pachipatala chaching'ono adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo zikavuta ku Queen Elizabeth ku Blantyre. A ku Nchalo ali ndi Montfort pafupi, a ku Muona ali ndi Trinity. Madokotala angathe kuchotsako madzi ochulukawo ndi singano kuti mayi apume bwino ndiponso mimba isathere panjira, kapena kukonza zochiritsa mayiyo msanga ana akakhwimako. Njira yotseka timitsempha tija ndi kuwala kwa laser imachitika m'zipatala zapadera zochepa.

Abambo, gawo lanu ndi ulendo. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Freddy anadulira misewu mu Malichi 2023, anthu a ku Makhanga n'kumadalira mabwato. Mukagulitsa thonje kapena chitowe, patulani ya kabaza ndi ya minibasi, isasakanizidwe ndi ya ndiwo. Ngati miyezi yomaliza igwera m'dzinja, mayi apite kuchidikiro madzi asanasefukire, ndi womudikirira amene angathe kunyamula mwana mmodzi pachifuwa ngati anawo abadwa osakwana masiku.