Nambala ikakula musaiope, iphwanyeni ndi mutu

Kwathu kuno ku Ngabu amayi a banki mkhonde amafuna kugawana mofanana K360,360 pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa likuswa mtengo, foni ya alembi itathima chaji, ndiye kalikuleta panalibe. Anandiitana poti ndimakonda masamu. Mmene ndinachitira ndi umu.

Yambani kumchira kwa nambala. Ikathera 0 imagawika ndi 2, 5 ndi 10, apa ngakhale mwana wa Sitandade 5 sachedwa, komanso mwadziwiratu kuti ndi even ndipo si prime number, nambala ija yogawika ndi 1 ndi iyo mwini basi. Pa 4 onani manambala awiri omaliza, 60, agawika. Pa 8 onani atatu omaliza, 360 ndi 8 kutaimusa 45, zatheka.

Kenako phatikizani onse: 3+6+0+3+6+0, mupeza 18. Poti 18 imagawika ndi 9, nambala yonse igawikanso ndi 9 komanso 3.

Pomwe ambiri amagwa ulesi ndi pa 7, 11 ndi 13, koma apa ndiye pokoma. Ikakhala ya manambala 6 ngati yathuyi, dulani nambala yanu pakati, atatu uku atatu uku, muchotsere yaing'ono kwa yaikulu, chotsalacho ndi chomwe muyese. Yathuyi 360 kuchotsa 360 patsala 0, ndiye kuti zitatu zonse zikulowa bwinobwino, chifukwa 7 × 11 × 13 ndi 1,001 ndipo 360 × 1,001 ndi 360,360 yomweyo. Mwina mukuti ndasankha yophweka dala, chabwino tengani 125,489, 489 kuchotsa 125 ndi 364, imeneyi 7 akulowa ka 52, 13 akulowa ka 28, koma 11 akukana, ndiye 125,489 yonse ilinso choncho basi.

Tikaiphwanya mpaka pansi 360,360 ndi 2×2×2×3×3×5×7×11×13. Kuti mudziwe manambala angati amaigawa osasiya chotsala, werengani kuti aliyense wabwera kangati, muonjezere 1, mutaimuse: 4×3×2×2×2×2, zikupatsani 192. Ndi nambala yaing'ono kwambiri yomwe imagawika ndi zonse kuyambira 1 mpaka 15.

Kodi ndi perfect square, yopezeka potaimusa nambala ndi iyo yomwe? Ayi ndithu. 600 × 600 ndi 360,000 pomwe 601 × 601 ndi 361,201, yathu yagwera pakati. Aphunzitsi ena amaitchanso abundant number, kutanthauza kuti manambala oigawa, kupatula iyo mwini, mukawaphatikiza amaiposa, ndipo musavutike ndi onse, atatu okha 180,180 ndi 120,120 ndi 90,090 akwana kale 390,390.

Amayi aja analipo 13, aliyense K27,720. Amayi ena achikulire anati iih aphunzitsi musatipusitse, anatenga kamtengo n'kutaimusa okha padothi, zinagwirizana. Akanakhala 16 pakanavuta, aliyense akanalandira K22,522 ndi matambala 50, ndipo 50 tambala masiku ano muipeza kuti?