Musanamenye ndi fosholo: mmene mungadziwire akangaude a kuno ku Joni

Chaka changa chachiwiri kuno ku Cape Town ndinapha kangaude yemwe mpaka lero amandibwererabe m'maganizo. Ndinkakumba ngalande ya paipi kuseri kwa nyumba ina m'munsi mwa phiri, fosholo n'kudula una wozungulira bwino, woyalidwa ulusi woyera m'kati monse. Mwini una anatuluka, wakuda bii, waubweya, miyendo yonenepa, n'kuimika miyendo yakutsogolo m'mwamba. Ndinachita zomwe tonse tinakula nazo kwathu ku Ntcheu, ndinamuphwanya. Loweruka lake ndinaonetsa chithunzi kwa mayi wina amene ndimawagwirira ganyu, wokonda zachilengedwe. Anandiuza kuti ameneyo ndi Harpactira atra, mmodzi wa akangaude amene kuno amati baboon spider, kuti wamkazi wamkulu chotero amakhala atatha zaka zambiri mu una umodzi womwewo, komanso kuti mtundu wakewo kunja kwa South Africa kulibe.

Mawu omalizawo ndiwo anandigwira. Padziko lonse akatswiri analemba kale mitundu ya akangaude yoposa 50,000. Mwa imeneyi, yoposa 2,200 imapezeka mu South Africa muno, ndipo pafupifupi 6 mwa mitundu 10 iliyonse siyinapezekepo m'dziko lina lililonse. Kalembera wake anayamba mu 1997 pansi pa ntchito yotchedwa SANSA, yomwe anaitsogolera katswiri wa akangaude Ansie Dippenaar-Schoeman ku Pretoria, ndipo mpaka pano mitundu yatsopano ikutulukabe. Tsono taganizani, abale anga: ndani amagudubuza miyala, kusuntha miphika ya maluwa ndi kudulira mipanda tsiku ndi tsiku m'mizinda ya kuno? Ndi ife ogwira ntchito m'magadeni. Timakumana ndi akangaude ambiri pa sabata kuposa momwe mphunzitsi wa ku yunivesite angakumanirane nawo pa mwezi. Chimene timasowa n'kuyang'ana tisanamenye.

Zida zake n'zochepa. Foni yanu yomweyo, tochi ya pamutu, botolo lagalasi lokamwa kwambiri ngati la jamu, kachidutswa ka katoni kolimba, ndi ndalama yachitsulo ya R2 yoika pambali pojambula kuti kukula kwake kudziwike. Magolovesi muli nawo kale, ingovalani nthawi zonse mukamapisa dzanja pomwe maso sakuona.

Yambani n'kudziwa oopsa, chifukwa ndi ochepa, ndipo mukawadziwa mantha a ena onse amatha. Woopsa kwambiri mwa iwo ndi amene amati button spider, wa fuko la Latrodectus. Thupi lake ndi lobulungira, losalala, laling'ono ngati nsawawa, miyendo yowonda. Ukonde wake si wokongola ayi, ndi wosokonekera, koma ulusi wake ndi wolimba moti mukaukoka ndi kamtengo mumamva ukuthetheka. Alipo wofiirira ndi wakuda. Wofiirirayo amakonda pafupi ndi anthu: pansi pa mipando yapulasitiki, m'mphepete mwa bini, pansi pa mawindo, m'majombo osiyidwa panja. Kumimba kwake kuli chizindikiro chofiira ngati mitondo iwiri yolumikizana kumatako. Njira yachidule yomudziwira ndi timatumba ta mazira ake, toyera, tokhala ndi timinga ponseponse ngati chipatso chouma cha nsatsi. Mukaona kathumba kaminga, mayi wake ali pafupi. Wakudayo ndiye waululu kwambiri. Amakonda kutchire, m'udzu ndi pansi pa miyala, chofiira chake chimakhala kumsana, nthawi zina kadontho chabe, ndipo timatumba take ndi tosalala.

Akakulumani, musacheke pabalapo, musayamwe, musamange ndi chingwe. Ululu wake umagwira minofu: thukuta limachita kuyenderera, miyendo ndi msana zimaphwanya, mimba imauma gwa. Pitani kuchipatala msanga, makamaka akalumidwa mwana kapena wokalamba, chifukwa mankhwala otsitsa ululuwo alipo. Ngati kangaudeyo mwamuona, mujambuleni kapena mumutengere m'botolo. Enanso awiri oti muwasamale ndi violin spider ndi sac spider, ang'onoang'ono otuwa amene bala lawo limatha kusanduka chilonda. Njira yowapewera ndi imodzi: kukutumula zovala ndi nsapato musanavale.

Ngakhale m'fuko loopsali muli zodabwitsa. Mu 2019 analengeza mtundu watsopano, Latrodectus umbukwane, wopezeka m'nkhalango zamchenga za kumpoto kwa KwaZulu-Natal kokha. Ndi wamkulu kuposa abale ake a kuno, ndipo kathumba ka mazira ake kakangopangidwa kamakhala kofiirira ngati maluwa a jakaranda. Chinthu choonekera chotere chinakhala zaka zonsezi chopanda dzina.

Amene amaphedwa kwambiri popanda mlandu ndi rain spider, uja wamkulu wotambalala amene amapezeka pakhoma kapena kuseri kwa katani mvula ikayandikira. Madamu akakuwa m'nyumba, kawirikawiri ndi ameneyu. Muvindikireni ndi botolo, lowetsani katoni pang'onopang'ono pakati pa botolo ndi khoma, tembenuzani, kamutayeni m'zitsamba. Doom musiyeni pashelefu, chifukwa kangaudeyu ndiye amakudyerani mphemvu ndi nkhululu. Podulira mpanda yang'anani kaye m'kati. Mukaona chibulu cha masamba ouma omangidwa ndi ulusi, chachikulu ngati mpira wa tenesi, cholendewera pakati pa nthambi, amenewo ndi mazira ake. Mayiyo amakhala pomwepo kulondera ndipo nthawi imeneyi amaluma ndithu. Ine ndimadumpha nthambi imeneyo, n'kuwauza abwana chifukwa chake mpanda uli ndi chotupa pamenepo. Pakapita milungu ingapo tiana timatuluka, n'kudula bwinobwino.

Koma chuma chenicheni cha dziko lino chili pansi, m'mauna. Akangaude ambiri ang'onoang'ono akangobadwa amakwera pansonga ya udzu, n'kutulutsa ulusi, mphepo n'kuwanyamula mtunda wautali. N'chifukwa chake mitundu ina yoluka maukonde mumaipeza kuno, kwathu ndi kwina konse. Akumauna ambiri satero. Mwana amayenda mapazi ochepa kuchoka pa una wa mayi wake, n'kukumba wake pomwepo. Phiri limodzi kapena mtsinje umodzi umakwanira kulekanitsa mbumba kwa zaka zosawerengeka mpaka kusanduka mitundu iwiri. Choncho malo amodzi akagumulidwa kuti amangepo nyumba, pakhoza kupita mtundu wathunthu. Ku Eastern Cape kuli wina wotchedwa Stasimopus mandelai, amene anamupatsa dzina la Nelson Mandela mu 2004. Abale ake onse a fuko la Stasimopus amatseka una ndi chitseko chadothi chokhuthala ngati chivindikiro cha botolo, chokhala ndi mahinjesi a ulusi, chofanana ndi nthaka moti mutha kupondapo osadziwa.

Pofunafuna mauna, yendani pang'onopang'ono pamalo osalimidwa: m'mphepete mwa mpanda, paphompho la msewu, pakati pa miyala. Una wa baboon spider umakhala wotseguka, wozungulira bwino, ndipo pakamwa pake pamakhala ulusi wolukanitsidwa ndi tiudzu kapena timasamba. Wa nkhululu kapena wa mbewa ulusi sukhala nawo. Mukaupeza musathiremo madzi, musakumbe. Bwererani kukada ndi tochi, muunike cham'mbali, mudzaona nsonga za miyendo zili pakhomo kudikira chakudya. Mukagwedeza kaudzu kofewa pakhomopo, nthawi zina amatulukira theka la thupi, ndiye mphindi yanu yojambula imeneyo. Chifukwa chosakumbira n'chakuti wamkazi wamkulu akachotsedwa mu una wake, kawirikawiri amalephera kukumba wina, amangofera poyera. Ngati ntchito ikukukakamizani kudutsa pomwepo, kambiranani ndi eni nyumba. Paipi imatha kukhota pang'ono.

Amuna ndiwo oyendayenda. Akakhwima amasiya una kukasaka akazi usiku, ndipo ambiri amagwera m'madziwe osambiramo. Inu oyeretsa madziwe, mukamupeza pansi pa madzi atapinda miyendo musafulumire kunena kuti wafa. Muvuuleni ndi neti, muikeni pamthunzi. Ine ndavuulapo angapo amene patapita maola anadzuka n'kumapita.

Lamulo la kuno limateteza baboon spider. Kumugwira, kumusunga kapena kumugulitsa kumafuna chilolezo, ndipo m'malo ngati Table Mountain National Park simuloledwa kutola chilichonse. Alipo anthu amene amawasaka kuti akagulitse kunja kwa oweta, makamaka Harpactira pulchripes wa kufupi ndi tawuni ya Makhanda ku Eastern Cape, wa thupi lagolide ndi miyendo yabuluu. Wina akakulonjezani ndalama kuti mumukumbire, kanani. Ife alendo mlandu wotere umatilemera kawiri.

Mukamagudubuza mwala, ukokereni kwa inu kuti mwalawo ukhale pakati pa inu ndi chomwe chili pansi, chifukwa zinkhanira ndi njoka zimakonda momwemo. Mukatha ubwezereni mmene unalili. Usiku, ikani tochi pachipumi pafupi ndi maso n'kuunika kapinga. Mudzaona timadontho tonyezimira ngati mame. Amenewo ndi maso a akangaude osaka pansi, ndipo mukalondola kadontho kamodzi mutha kupeza mayi atabereka ana ake onse kumsana. Tsiku lopuma, madzi akaphwa kunyanja, yang'anani m'zigoba zopanda kanthu zomatirira pamiyala. Muli kangaude wa mano aatali, Desis formidabilis, amene amadzitsekera ndi ulusi madzi akamadzaza, n'kutuluka akabwerera. Ameneyu amafika mpaka ku Namibia.

Pojambula, chithunzi chimodzi sichikwanira. Jambulani kumsana, kenako kumaso, chifukwa kayalidwe ka maso ndiko kamasiyanitsa mabanja: ena ali ndi awiri aakulu kutsogolo ngati nyali za galimoto, ena asanu ndi atatu m'mizere iwiri, ena asanu ndi limodzi okha. Kumimba jambulirani kudzera pagalasi la botolo. Musaiwale ukonde, una kapena kathumba ka mazira, ndi malo onse pomwe mwamupeza. Musayandikize foni kwambiri, imataya chithunzi. Bwererani pang'ono, gwirani pasikirini pomwe pali kangaudeyo, muunike ndi tochi cham'mbali. M'mawa kukuzizira amakhala ofatsa. Mukaona timanja tiwiri ta pafupi ndi kamwa tili totupa kunsonga ngati magolovesi a nkhonya, ameneyo ndi wamwamuna.

Zithunzizo ikani pa iNaturalist, pulogalamu ya pafoni yomwe anthu amaikapo zithunzi za zamoyo kuti zidziwike mayina, ndi yaulere. Onetsetsani kuti tsiku ndi malo zalembedwa molondola, chifukwa chithunzi chopanda malo kwa akatswiri n'chopanda ntchito. Ngati dzina simukulidziwa, lembani kuti ndi kangaude basi, odziwa adzakonza. Dzina lomwe foni ikuyerekeza musalikhulupirire msanga. Nthawi zambiri adzakupatsani dzina la fuko lokha, ndipo musakhumudwe: mitundu yambiri amaisiyanitsa poyang'ana ziwalo zoberekera pa makina okulitsa zinthu. Akakhala baboon spider, kapena mwajambulira pakhomo pa abwana, sankhani kubisa malo enieni. Mukatero ogulitsa aja sadziwa pokumba, komanso simuulula nyumba ya eni. Kumapeto kwa Epulo kumakhala mpikisano wa mizinda wojambula zamoyo, wotchedwa City Nature Challenge, womwe mu 2019 Cape Town inaposa mizinda yonse pa kuchuluka kwa zojambulidwa. Imeneyo ndi nthawi yabwino yoyambira, chifukwa odziwa mayina amakhala ali tcheru.

Panyumba ina yomwe ndimagwira Lachiwiri pali una kuseri kwa mulu wa manyowa, pansi pa mwala wathyathyathya. Ndinaupeza zaka zitatu zapitazo ndikusuntha wilibala. Ndinazunguliza miyala itatu kuti makina otchetchera asafikepo, ndipo ana a pakhomopo anaipaka utoto woyera. Dzinja lapitali ndinapeza chikopa chake chakale atachitulutsa pakhomo, chathunthu ndi miyendo yonse isanu ndi itatu, chopepuka ngati gaga. Sabata yatha pakamwa pa unawo panali ulusi watsopano.