Abambo, mfutso ukufunanso manja anu

Mu Febuluwale ndi Malichi ndiwo zamasamba zimachita kuwolera m'munda. Nkhwani, chitambe, khwanya, bonongwe, chisoso, luni, denje, zonse zili mbwee. Koma ikafika Sepitembala kapena Okutobala, banja lopanda dimba limayamba kudyera nsima mchere kapena kugula kampukutu ka repu kosakwana ana. Makolo athu ankatseka mpata umenewu ndi mfutso, ndipo kanyumba kophikira kopanda zikwatu zolendewera kudenga kanali kochititsa manyazi.

Masiku ano zikwatu zikusowa. Ena amati amayi amakono ndi aulesi. Ine ndikukana. Nthawi yofutsa imagwera pamene mayi yemweyo akubandira, akupita kuganyu chifukwa nkhokwe yauma, akutunga madzi, akutola nkhuni, mwinanso akudwazika mwana malungo. Ntchito yonse ikaunjikidwa pa munthu mmodzi, imene imagwa poyamba ndi ya chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi kutsogoloko. Pamenepo bambo ali phee pakhonde, kuopa kuti anzawo pabawo anganene kuti anadyetsedwa kondaine.

Kafutsidwe kake nkosavuta. Thyolani masamba anthete m'mawa, osati ofwala kapena odyedwa ndi tizilombo. Tsukani musanadule, nkhwani muyambe mwasadzula. Ikani m'madzi owira kale, othira mchere pang'ono, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu basi, kenako tsanulani. Musathiremo soda kapena chidulo, chifukwa zimapha mavitamini ena. Therere lobala limangodulidwa tizidutswa nkuyanikidwa osawiritsa. Yanikani mopyapyala pa mphasa yoyera kapena m'lichero, pathandala, osati pansi pomwe nkhuku ndi fumbi zimafika. Pakhale pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa la phwee limaumitsa msanga, inde, koma limawononga vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Mfutso wauma ngati ukufumbutuka mukaufikisa m'manja. Ukatero ukulungeni m'masamba a msuku nkumanga ndi luzi, kapena uikeni mu mtsuko wouma wovindikira bwino.

Tsono taonani kuchuluka kwa ntchito imene bambo angagwire pamenepa. Kumanga thandala ndi kadenga kake, poti nyengoyi mvula imabwera mosawuza. Kubweretsa nkhuni ndi madzi panjinga, ija imanyamula makala kupita kumsika. Kukathyola masamba a msuku ndi kufundula luzi. Ndipo palibe lamulo loti manja a mwamuna sangasadzule nkhwani. Ophika m'malesitilanti ambiri ku Limbe ndi ku Lilongwe ndi amuna. Zikuoneka kuti mphika umakhala wa akazi pokhapokha palibe malipiro.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi zimene bambo amagamula yekha. Akapopera munda wonse mankhwala opha udzu, wapha ndi bonongwe, chisoso ndi maungu omwe. Akagulitsa mtedza wonse kwa mavenda, nsinjiro zotendera mfutso zichokera kuti? Khalani pansi awiri mvula isanagwe, mugwirizane mizere yosapopera, malo a khobwe ndi nyemba, ndi matumba a mtedza amene sadzatuluka pakhomo. Izi ndi zomwe timalimbikitsa alangizi tikamayendera mabanja: dongosolo la munda lipangidwe ndi bambo, mayi ndi ana okulirapo pamodzi.

Zimatheka. Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities, imene inayamba mu 2000, inaona kuti kulima nyemba zambiri pakokha sikukwanira ngati amuna ndi agogo sakukhudzidwa ndi kadyedwe ka ana. Anayambitsa masiku ophikira pamodzi, amuna ndi akazi nkumaphunzitsana maphikidwe poyera. Nanunso pa kalabu yanu itanani agogo amene amadziwa kumanga chikwatu ndi kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, ndipo anyamata akhale kutsogolo, osati atsikana okha.

Pomaliza pa ntchito yonseyi pali mbale. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Komabe m'makomo ambiri mbale ya bambo ndiyo imayamba, nthutumba ndi ntchafu zili momwemo, ana nkumapatsidwa msuzi, mayi nkudya zotsala mumphika. Kwinanso mayi woyembekezera amaletsedwabe mazira. Abambo, yambani ndinu kunena kuti mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa apakulidwe mokwanira. Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi, sinjani mfutso wouma, sefani, muzithira supuni imodzi pamodzi ndi nsinjiro m'phala la mgaiwa likamawira.