Mwana akufuna udokotala: kasankhidwe ka koleji yaing'ono yolimba pa sayansi

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, makolo amandipeza ndi funso limodzi: "Aphunzitsi, mwanayu akufuna udokotala, timupititse kuti?" Ndimaphunzitsa Biology muno mu Lilongwe, ndipo sindiwabisira. Khomo lalikulu la digiri ya udokotala, MBBS, lili ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ku Blantyre, yunivesite yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Wochokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka chokonzekera, kenako zaka 5. Malo ndi ochepa, moti ngakhale ana okhoza bwino sayansi ndi masamu amatsala. Apa ndi pamene makoleji ang'onoang'ono amafunika, koma osangotola iliyonse.

Yambani ndi mapepala. Funsani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ngati kosi yeniyeniyo ndi yovomerezeka, osati dzina la koleji lokha. Mukatero, funsaninso ku Medical Council of Malawi ngati omaliza kosiyo amalembedwa m'kaundula wawo. Popanda zimenezi mwana wanu sadzaloledwa kugwira wodwala, ngakhale satifiketi yake ikongole bwanji.

Kenako pitani nokha tsiku la maphunziro, ndipo mupemphe kuona labu. Ine apa ndiye ndimachedwapo. Werengani ma microscope, muyerekeze ndi chiwerengero cha ophunzira. Uzani mwana wanu ayang'anemo yekha, aone ngati nyale yake ikuyaka. Tsegulani mpopi wa pasinki. Mabotolo a mankhwala a Chemistry ali ndi kanthu, kapena angondandalikidwa pashelefu atachita fumbi? Magetsi akazima, pali jenereta kapena sola? Mukatuluka, pezani wophunzira wa chaka chachiwiri pansi pa mtengo, kopanda akuluakulu, mumufunse kuti, "Achimwene, mapulakitiko munachita liti komaliza?" Akayamba kukanda m'mutu, yankho mwalipeza. Mumufunsenso ngati aphunzitsi awo ndi okhazikika kapena ongobwera Loweruka kudzagwira ganyu. Ubwino wonse wa koleji yaing'ono ndi wakuti mphunzitsi amadziwa mwana ndi dzina lake, amaona msanga akayamba kutsalira pa Chemistry. Ngati mphunzitsiyo sapezeka, ubwinowo palibe.

Funsaninso chipatala chomwe ophunzira amakachitirako ntchito ya m'mawodi. Malawi College of Health Sciences, yomwe imaphunzitsa ma clinical officer, kampasi yake ya ku Lilongwe ili pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central. Malamulo College of Health Sciences ku Makwasa, m'boma la Thyolo, ili ndi chipatala cha mishoni pakhomo pomwepo. Koleji yosatha kukutchulirani chipatala chake, ilekeni.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi mwana wolowa kosi asakudziwa komwe ikumupititsa. Dipuloma ya Clinical Medicine si MBBS. Ndi ntchito yolemekezeka, ndipo zipatala zathu za m'maboma zimadalira kwambiri ma clinical officer, koma mwanayo alowe akudziwa kusiyana kwake. Chimodzimodzinso digiri ya Biomedical Sciences ya ku Mzuni: ndi sayansi yolimba, koma payokha simupanga munthu kukhala dokotala. Ngati cholinga ndi kudzalowa MBBS pambuyo pake, funsani ku KUHeS za njira zolowera musanalipire tambala iliyonse kwina. Nthawi zina kubwereza Fomu 4 kuti mapointi atsike n'kwanzeru kuposa kuthamangira koleji.

Amene maso ali ku America, dziwani kuti kumeneko mwana amayamba wamaliza digiri ya zaka 4, n'kulemba mayeso olowera udokotala otchedwa MCAT, kenako n'kufunsira sukulu ya udokotala, ndipo zambiri mwa sukuluzo sizitenga ochokera kunja.

Za fizi, pemphani kuti akulembereni zonse papepala, kuphatikizapo malo ogona, yunifolomu ndi thiransipoti yopitira ku mawodi. Mufunsenso ngati ophunzira a pakolejipo amaloledwa kupempha ngongole ya boma ya maphunziro apamwamba.