Momwe ndinapezera zolemba zofunika pa kafukufuku wa malungo

Pofufuza zolemba zimene akatswiri amazitchula kwambiri pa nkhani ya malungo aakulu mwa ana, ndinagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Publish or Perish, imene imafufuza zolemba za akatswiri ndi kuonetsa kuti chilichonse chatchulidwa kangati m'zolemba zina, koma pamwamba pa mndandanda panangodzaza zolemba zakalekale. Ndinasintha mawu ofufuzira kangapo, koma sizinathandize.

Gwero la vutoli linali loti cholemba cha 1989 chakhala chikutchulidwa kwa nthawi yaitali kuposa cha 2020. Choyamba ndinagawa kufufuzako m'zigawo za zaka zisanuzisanu, popeza Google Scholar, tsamba la Google lofufuzira zolemba za akatswiri limene pulogalamuyi inkatengako zotsatira, sipereka zotsatira zoposa 1,000 nthawi imodzi. Kenako ndinaphatikiza mizere imene inkabwereza cholemba chimodzimodzi. Chimene chinathandiza kwenikweni chinali kusanja mndandandawo potsatira gawo la "Per year", lomwe limaonetsa kuti cholemba chimatchulidwa kangati pachaka, ndipo zolemba zatsopano zimene zinali pansi zinakwera pamwamba. Ndinangowonongapo ndalama ya intaneti yokha.